Nthano za pogona zolembedwa ndi AI: timauza chiyani makinawa kuti mwana agonedi?

Chiphaniphani:
Moni akuluakulu. Tithandizane pa nkhani ya nthano za pogona. Makolo ambiri masiku ano akumauza makina olemba okha (AI) monga ChatGPT kapena Gemini kuti awalembere kanthano komwe mwana wawo ndiye mwini nkhani. Ganizolo ndi labwino, koma zotuluka zake kawirikawiri zimagwa mbali ziwiri. Mwina nthano yopanda mchere, yodzaza malangizo ngati ulaliki, mwina yachipwirikiti moti ikamatha mwana maso ali gwa, akufunsa kuti "ndiye kenako?" Inu odziwa, makinawa mumawauza chiyani kwenikweni? Ndikufunsira ana a zaka 2 mpaka 6.

MphunzitsiWaMkaka:
Achemwali, vuto limayambira pa pempho. Mukangolemba kuti "ndilembere nthano ya mwana," makina amadzisankhira okha zonse zomwe simunanene, ndipo amatola zomwe zili zofala m'malemba omwe anaphunzirapo: ulendo wautali, chinthu chamatsenga, mdani, kupambana. Imeneyo ndi nthano ya masana.

Ya pogona iyenera kutsetsereka. Chiyambi chikhale ndi kamoyo pang'ono, pakati pakhale kavuto kamodzi kakang'ono, ndipo gawo lomaliza lisabweretsenso chatsopano chilichonse, kungokhala kubwerera, kufunda, nyali kuzima. Pempho lanu linene msinkhu wa mwana, kutalika kwa nthano, zinthu ziwiri zokha zomwe mwanayo amakonda, vuto lake, ndi momwe ithere. Mwachitsanzo (DZINA likuimira dzina la mwana):

"Lemba nthano ya pogona ya mwana wa zaka 4. Mwini nkhani ndi DZINA. Amakonda agulugufe ndipo ali ndi kachidole ka njovu kotchedwa Chitamba. Vuto likhale limodzi: nthawi yogona yakwana koma Chitamba sakuoneka, ndipo apezeke m'nyumba momwemo. Ndime zikhale 6, iliyonse ya ziganizo zitatu kapena zinayi zazifupi. Mzere wakuti 'Chitamba, Chitamba, uli kuti?' ubwerezedwe katatu. Ndime ziwiri zomaliza zikhale zachete: DZINA wafunda, Chitamba ali m'manja mwake, akupuma pang'onopang'ono. Nthano ithere pa tulo."

Ndati zinthu ziwiri zokha dala. Mukatchula zisanu ndi ziwiri, makina amazikakamiza zonse kulowa, ndiye mupeza mpira, galimoto, mphaka ndi mwezi zikupanikizana m'ndime imodzi popanda chozilumikiza.

Chiphaniphani:
Zikomo aphunzitsi. Bwanji mwanena ndime 6 osati chiwerengero cha mawu?

Kadzidzi:
Ndiyankheko ine. Makinawa sawerenga mawu monga timachitira ife. Amaduladula malemba kukhala tizidutswa totchedwa ma token, ndipo amalemba kachidutswa kamodzi pambuyo pa kanzake, osaona kumapeto. Mukati mawu 300 akhoza kukupatsani 220 kapena 450. Ndime ndi ziganizo amazitsatira bwinoko chifukwa ndi zochepa kuziwerenga.

Za kutalika, njira yosanama ndi kudziyesa nokha. Werengani mokweza kwa mphindi imodzi, pa liwiro lomwe mumawerengera mwana, ndiye muwerenge mawu omwe mwadutsa. Chulukitsani ndi mphindi zomwe mukufuna. Musatengere ziwerengero za Chingerezi, chifukwa liwu lathu limodzi ngati "sindinamuone" limanyamula zomwe iwo amanena ndi mawu angapo. Poyambira: wa zaka 2 kapena 3 mphindi ziwiri kapena zitatu zimakwana, wa zaka 4 kapena 5 mphindi zisanu, wa zaka 6 akhoza kufika zisanu ndi zitatu.

Chinanso, pa zoletsa. Mukalemba kuti "musakhale chilombo," mwalowetsa kale liwu la chilombo m'pemphomo, ndipo nthawi zina mumalandira nthano ya chilombo chokoma mtima. Mwana wa zaka 3 samva za kukoma mtimako, wamva chilombo basi. Nenani zomwe mukufuna kuti zikhalemo: "anthu a mu nthano ndi awa atatu okha, zonse zichitikire m'nyumba ndi pabwalo." Mpanda wotero makina saudumpha kawirikawiri.

Namzeze:
Aphunzitsi alemba DZINA m'malo mwa dzina la mwana, ndipo pamenepo pasadutsidwe mothamanga. Zomwe mwalemba mu pulogalamu zotere zimapita ku makompyuta a kampani, zimasungidwa, ndipo malinga ndi momwe mwatcherera zikhoza kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa makinawo. Nthano sifuna dzina lonse la mwana, tsiku lobadwa, dzina la sukulu, komwe mumakhala, matenda ake, kapena chithunzi chake. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono, koma pakatha miyezi itatu ya nthano tsiku ndi tsiku mwalemba mbiri yonse ya mwana osadziwa.

Lembani DZINA, ndipo dzina lenileni mulinene ndi pakamwa powerenga. M'Chichewa n'zophweka, poti "anapita," "anati," "wake" sizisintha kaya mwana ndi wamkazi kaya wamwamuna. Kenako lowani mu settings muzimitse zoti macheza anu aziphunzitsira makina. Mu ChatGPT zili pa Data controls, ndipo mulinso Temporary Chat yomwe sikhala mu mndandanda wa macheza anu.

Komanso foni igwidwe ndi wamkulu. Malamulo a ChatGPT amafuna zaka 13 kupita m'mwamba, a Claude, pulogalamu ina yofanana nayo, amafuna 18. Sizinapangidwire kuti mwana wa zaka 5 azicheza nazo yekha.

Mlonda:
Pepani, ine ndikhala wotsutsa. Kholo lililonse likhoza kupeka nthano ya kachidole kosowa. Zikufunikiranji makina? Tikungowonjezera foni pa nthawi imodzi yokha yomwe inatsala yopanda foni.

MphunzitsiWaMkaka:
Achimwene, theka la zomwe mwanenazo ndi zoona, ndipo ndi theka lofunika. Foni isalowe kuchipinda. Nthano ikonzedwe kusanade, iwerengedwe ndi kholo, ndiye ikopedwe papepala kapena isungidwe m'mutu. Malangizo a 2019 a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Madokotala a ana ambiri amalangizanso kuti ola lomaliza asanagone likhale lopanda sikirini. Chifukwa china ndi kuwala: kumachedwetsa melatonin, timadzi ta m'thupi tomwe timaliuza kuti kwada, ndipo maso a ana aang'ono amalowetsa kuwala kochuluka kuposa a akulu. China ndi chakuti mwana akangoona foni m'manja mwanu, nthano yatha mphamvu, iye akufuna kudina.

Koma pakuti kholo lililonse likhoza kupeka, eya, usiku woyamba ndi wachiwiri. Pofika wa khumi, munthu wotopa ndi ntchito mutu umauma, amangobwereza yomwe ija kapena kusiyiratu. Makina ndi othandiza pamenepo, kupereka mafupa a nthano. Mnofu ndi wa kholo.

Mlonda:
Mafupa ndiye ndavomera. Ndimakana zoti kholo lizingowerenga mawu ndi mawu zomwe silinazionepo.

Kadzidzi:
Zimenezo tonse tikukana. Ndipo pali chifukwa chachiwiri chokondera mafupa: chiyankhulo. Makinawa anaphunzira kuchokera ku malemba a pa intaneti, ndipo a Chichewa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a Chingerezi. Ndiye akamalemba Chichewa, ganizo limakhala lachingerezi, mawu okha ndiwo athu. Zolakwika zake zimabwerezeka moti mukhoza kuzisaka:

Kugwirizana kwa mawu kumasokonekera chiganizo chikatalika. Mupeza "chidole chake anagwa pansi" kapena "kamwana anagona." Chimavuta kwambiri ndi pamene chidole chili ndi dzina: ndime ina "Chitamba anati," ndime yotsatira "Chitamba chinati." Sankhani chimodzi muwauze.

Ulemu. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la iwe ndi inu, ndiye mupeza mwana akuuza agogo ake kuti "iwe bwera kuno," kapena mayi akunena "inu" kwa khanda. Lembani m'pempho kuti mwana azinena "inu" kwa akulu onse.

Kumasulira kouma, monga "kamodzi pa nthawi" m'malo mwa "kalekale," kapena "anagwa m'tulo" pomwe ife timati tulo tinamugwira. Nthawi zina mawu a ziyankhulo zina zoyandikana amalowerera, ena amakhala opeka omveka ngati athu koma opanda tanthauzo.

Mwana wa zaka 3 akuphunzira kuyankhula kuchokera pakamwa panu. Zolakwika zoterezi zikamabwerezedwa usiku uliwonse iye amazitola ngati zolondola.

Njuchi_7:
Apa ndisiyana nanu pang'ono a Kadzidzi. Sikuti kulemba mwachindunji m'Chichewa n'kosatheka. Zimasintha kwambiri mukawapatsa chitsanzo cholemba inu eni. Lembani ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi momwe mumafotokozera nthano, ndiye muwauze kuti apitirize m'kalembedwe komweko. Makinawa ndi akatswiri potsanzira zomwe zili pamaso pawo kuposa kukumbukira zomwe sanazione mokwanira.

Ikanimonso mawu oonetsa momwe chinthu chachitikira, chifukwa okha sawagwiritsa ntchito. M'nyumba munali zii. Mwana anakhala phee. Kunja kunali bii. Mphaka anayenda nyang'anyang'a. Mawu oterewa ndiwo amagoneka mwana, poti mumawakoka ndi mawu otsika. Koma apatseni mndandanda wanu ndi tanthauzo lake. Mukangoti "ikamo mawu otere," amapeka awo osamveka, kapena kuika zii pomwe anthu akuseka.

Kadzidzi:
Zoona, chitsanzo chimathandiza. Komabe nthano yotuluka iwerengedwe mokweza kamodzi musanaipereke. Khutu limagwira zomwe diso ladumpha. Pomwe lilime lapunthwa, pamenepo ndiye pali Chingerezi chobisala.

Chiphaniphani:
Powerenga koyambako, kupatula chiyankhulo, tiziyang'ana chiyaninso?

MphunzitsiWaMkaka:
Choyamba, zomwe mwini nkhani akuchita. Popeza dzina ndi la mwana wanu, nthanoyo kwa iye ili ngati chilolezo. Makina amakonda kuyambitsa ulendo potulutsa mwana panja usiku yekha, kumutsatiritsa mlendo womwetulira, kumudyetsa chipatso chomwe watola m'tchire, kumukweza pamwamba, kumulowetsa m'madzi popanda wamkulu. M'nthano zonse zimatha bwino, ndipo ngozi yake ndi imeneyo. Mukapeza chimodzi mwa izi, chichotseni kapena muikepo wamkulu womuperekeza.

Chachiwiri, kulekana. Nthano zoti mwana wasochera kapena amayi asowa zimakoma kwa wa zaka 8, koma kwa wa zaka 3, yemwe sanayambe kusiyanitsa bwino zopeka ndi zenizeni, kumva dzina lake likusochera mu mdima ndi chiyambi cha kulira pakati pa usiku. Chosowa chikhale chinthu, osati munthu.

Chachitatu, mabodza onenedwa molimba mtima. Makinawa amalemba zomveka bwino, osati zotsimikizika. Akhoza kunena kuti mleme ndi wakhungu kapena kuti nthiwatiwa imakwirira mutu mu mchenga, zonsezi si zoona. Njovu yoyankhula si vuto, mwana amadzazindikira yekha. Koma mfundo yonenedwa ngati yeniyeni amaisunga zaka.

Chachinayi, kumapeto. Ngakhale mutaletsa, amakonda kutseka ndi "ndipo DZINA anaphunzira kuti kugawana n'kwabwino." Amatero chifukwa nthano zambiri za ana zomwe anaphunzirapo zimatha choncho. Dulani mzerewo. Mwana waona kale kugawanako kukuchitika.

Namzeze:
Pa zophunzitsazo ndionjezere. Makolo ena akuitanitsa nthano zokonza khalidwe: kukodza pogona, kuluma anzake, nsanje ndi khanda latsopano, mantha a jakisoni. Zikhoza kuthandiza, koma apa ndi pomwe dzina la mwana siliyenera kulowa ngati la mwini vutolo. Akamva kuti iyeyo wanyowetsa zofunda m'nthano, sakumva nthano, akumva mlandu. Perekani vutolo kwa kamwana ka nyama, kapena kwa chidole chake, ndipo mwana wanu akhale wothandiza. Kanjovu kakuopa jakisoni, DZINA akukagwira chitamba. Iye amadzizindikira yekha mumtima, popanda manyazi.

Ndipo uzani makina kuti vutolo lisathe mwamatsenga usiku umodzi. Akasiyidwa, amalemba kuti kuyambira tsiku limenelo kanjovu sikanakodzenso. Mwana yemwe adzanyowetsenso mawa amamva kuti iye walephera pomwe kanjovu kanakwanitsa. Ithere poti amayi akusintha zofunda osakalipa ndipo onse akugonanso. Kukodza pogona kwa ana a msinkhu uno ndi kofala ndipo sachitira dala. Kukayamba mwadzidzidzi kwa mwana yemwe anali atasiya kale, kapena kukabwera ndi ululu ndi ludzu lambiri, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, si ya nthano.

Mlonda:
Funso lina. Poti makina satopa, anthu akupanga nthano yatsopano usiku uliwonse. N'zabwino?

MphunzitsiWaMkaka:
Ayi achimwene, ndipo ili ndi khwekhwe lomwe makina abweretsa. Wotopa ndi kubwereza ndi kholo, osati mwana. Ofufuza a ku University of Sussex mu 2011 anapeza kuti ana a zaka 3 omwe anamva nthano imodzimodzi mobwereza anagwira mawu atsopano bwino kuposa omwe anamva mawu omwewo m'nthano zosiyanasiyana. Pa tulo naponso, nthano yodziwika imakhazika mtima pansi chifukwa mwana akudziwa chomwe chikubwera, safunika kutchera khutu. Yatsopano imadzutsa chidwi.

Ndiye khalani ndi nthano zitatu kapena zinayi zozungulira, yatsopano ilowe kamodzi pa sabata, ndipo ikhale yoyamba, yodziwika ikhale yotsekera. Yomwe mwana wakonda muisunge momwe ilili. Musadalire zoti mudzawauza makina kuti alembenso, chifukwa pempho lomwelo silitulutsa mawu omwewo kawiri. Pa kachidutswa kalikonse amasankha mwamwayi pakati pa zingapo zotheka. Ndipo ana amadziwa. Mukasintha mzere umodzi mumva kuti "si choncho!"

Njuchi_7:
Za kuiwala kwa makina ndifotokoze, chifukwa ofuna nthano zotsatizana amagwa pamenepa. Mukatsegula macheza atsopano, makina sakumbukira zonse za dzulo, ngakhale mapulogalamu ena ali ndi kachikumbumtima kosunga mfundo zina. Mukapitiriza macheza amodzi kwa masabata, amayamba kusakaniza: Chitamba yemwe anali wotuwa wasanduka wofiira, mphaka wasintha dzina, agogo omwe anali kutali akupezeka m'khitchini.

Mankhwala ake ndi kakhadi ka mizere 6 mpaka 8 kosungidwa pa foni yanu. Mulembepo aliyense wa mu nthano, maonekedwe ake m'mawu atatu, khalidwe lake limodzi, malo, mzere wobwerezabwereza, ndi mzere wotsekera womwe sumasintha, monga "Nyali inazima, m'nyumba munali zii." Nthawi iliyonse yambani macheza atsopano, matani kakhadiko pamwamba, pansi pake pempho la lero. Nthano ikatuluka, auzeni kuti aifupikitse m'ziganizo ziwiri, muwonjezere ku kakhadi. Zifupikitsozo zikapitirira zisanu chotsani zakale, apo ayi makina amayesa kutchula zonse zomwe zinachitika kale.

Mzere wotsekerawo musaunyoze. Pakapita masiku umasanduka chizindikiro, mwana akaumva amatembenuka yekha.

Chiphaniphani:
Nanga zithunzi ndi mawu owerenga okha? Mapulogalamu ambiri akutsatsa zimenezo.

Kadzidzi:
Zithunzi n'zokongola koma zili ndi mavuto atatu. Nkhope ya mwini nkhani imasintha chithunzi ndi chithunzi, ngakhale zapita patsogolo posachedwapa. Tizinthu ting'onoting'ono timalakwika, monga zala, miyendo ya nyama ndi zilembo, ndipo ana amaona msanga kuposa akulu. Lachitatu, kuti nkhope ifanane ndi mwana wanu amakupemphani chithunzi chake, zomwe a Namzeze aletsa kale. Ngati mukufunadi chithunzi, pangani chimodzi cha chidole chija, musindikize papepala, chigwire ntchito pa nthano zonse.

Mawu owerenga okha m'Chichewa akadali ofooka. Amaphonya kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo kwathu kumeneko kumasintha tanthauzo, monga mtengo womera ndi mtengo wogulira. Ngakhale atakhala abwino, makina saona zikope. Kholo likaona maso akulemera limachepetsa liwiro, kutsitsa mawu, kudumpha ndime. Zojambulidwa zimangopitirira pa liwiro limodzi.

Namzeze:
Za kukopera mawu a kholo kuti makina aziyankhula ngati iwo, chenjerani kwambiri. Mawu okopedwa ndi omwe akuba amagwiritsa ntchito ponamiza achibale pafoni. Kholo lomwe lili kutali lingojambula mawu ake enieni likuwerenga nthanoyo, litumize. Foni iikidwe chafufumimba patali ndi bedi.

Mlonda:
Chafufumimba ndagwirizana nacho. Chomaliza kwa ine: mwana akadula nthano pakati n'kunena kuti "ine ndikufuna Chitamba akwere ndege," kholo lodalira makina litani? Litenge foni?

MphunzitsiWaMkaka:
Lisatenge. Pali njira ziwiri. Ngati mwagwira mafupa okha, ndegeyo ilowetseni nokha koma muitsetsereze: Chitamba wakwera ndege ya pepala, yauluka pang'onopang'ono kuzungulira chipinda, yatera pa pilo. Chilichonse chomwe mwana waponya, chitengeni n'kuchibwezera ku bedi m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Ngati pempho lake ndi lalikulu, muuzeni kuti imeneyo ndi nthano ya mawa, ndipo mawa muipangedi, chifukwa sadzaiwala.

Kuti kudula kuchepe, mupatseni mpata wosankha kusanade. Funso likhale la zinthu ziwiri: lero Chitamba akumane ndi kamba kapena bakha? Yankho lakelo ndilo mulowetse m'pempho. Muthanso kuuza makina kuti aike malo awiri oti mwana ayankhe, onse akhale m'theka loyamba la nthano. Theka lachiwiri likhale lopanda funso ndi limodzi lomwe, chifukwa funso lililonse limatsegula maso omwe anayamba kutsinzina.

Chiphaniphani:
Kakhadi kaja, kwa ana awiri ogona chipinda chimodzi, wa zaka 3 ndi wa zaka 6, kakhale kamodzi?

Njuchi_7:
Kamodzi, DZINA1 ndi DZINA2. Msinkhu wa nthano muuike pa wamng'ono, ndipo wamkulu mumupatse ntchito m'nthanomo, monga kunyamula nyali kapena kunena mzere wobwereza. Muwauzenso makina mwachindunji kuti wopeza yankho azisinthana, lero uyu mawa uyo. Akasiyidwa okha amapatsa nzeru zonse kwa wamkulu, ndipo wamng'ono amangokhala wolira ndi wotaya zinthu.